MAU A MLANGIZI: Cotupa ca m'Cifuwa

Anzanga alimi, sabata ino tisiye za nazale ndi manyowa, tikambe za cifuwa ca mwini khasu.

Poyendera minda ku Nsaru ndi ku Mpingu ndimapeza abambo amene atsokomola miyezi, naonda, koma akuti, "Ndidzapita ku cipatala ndikatha kusankha fodya." Kucedwa kotere kumapha.

Cifuwa cikapitirira masabata awiri, kapimitseni makhololo. Cikhoza kukhala cifuwa cacikuru ca TB, cimene mankhwala ace ngaulere, omwa miyezi 6. Koma mukamwa osacira, bwererani msanga, pakuti nthawi zina m'mapapo mumamera cotupa ca khansa. Coyambitsa cacikuru ndi kusuta fodya, ngakhale cingambwe comwe. Akatswiri awiri a ku England, Doll ndi Hill, anaonetsa ici m'caka ca 1950.

Musaope mpeni wa dotolo. Phapo la kumanja liri ndi zigawo 3, la kumanzere 2. Cotupa cikapezeka cisanafalikire, dotolo amacotsa cigawo codwalaco, zotsalazo nizipuma ndithu. M'caka ca 1933 Dr. Evarts Graham wa ku America anacotsa phapo lathunthu la munthu wa khansa, ndipo wodwalayo anakhalanso moyo zaka pafupifupi 30.

Mtima naonso umamera cotupa, ngakhale sizicitikacitika. Zambiri za izi sizikhala khansa ai, koma zimatseka njira ya magazi monga zinyalala m'ngalande. Kuyambira 1953 kuli makina ogwira nchito ya mtima ndi mapapo pamene madotolo atsegula mtimawo. Munthu akapezeka ndi zotupa ziwirizi, madotolo amayamba aona mphamvu zace. Kwa ena amacotsa zonse tsiku limodzi. Kwa ena amayamba mtima, phapo pambuyo.

Nchito yotere ndi ya zipatala zazikuru, ndipo odwala ena Boma limawatumiza ku India. Koma ulendo uyambira pafupi pomwepa: ku Kabudula, ku Nambuma, kapena ku St Gabriel's ku Namitete, cipatala cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1959. Akaona kuti nkofunika, adzakulemberani kalata ya ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Kapuci timamthira mankhwala asanaboole phesi. Tsono inu amai, ngati abambo atsokomola magazi, kapena apuma mobanika polima, musadikire kukolola. Patulani ndalama ya ulendo, muwaperekeze. Mbewa ya manyazi inafera ku dzenje.

Ine wanu,
MLANGIZI