ZA M'MAIKO ENA: ZISUMBU ZA MPHEPO NDI WISIKI WAKE

Kumpoto kwa dziko la Scotland, kutsidya kwa nyanja yaukali yochedwa Pentland Firth, kuli zisumbu pafupifupi 70 zimene dzina lake ndi Orkney. Zokhalamo anthu ziri ngati 20, ndipo anthu onse pamodzi ali pafupifupi 22,000. Mlendo wofika kumeneko angathe kuyenda tsiku lathunthu osaona nkhalango. Mitengo iripo yowerengeka cabe, yobisala kuseri kwa makoma ndi pakati pa nyumba za m'tauni ya Kirkwall, pakuti mphepo yocokera kunyanja, yodzala ndi mcere, imapsereza mphukira mtengo usanakule.

Zisumbu zimenezi zimadziwika ndi zinthu ziwiri: mphepo yamkuntho ndi mowa waukali wochedwa wisiki. Munthu angayese kuti ziwirizi nzosiyana monga mbuzi ndi mkango, koma mbiri ya kumeneko isonyeza kuti ziri pa cibale.

USIKU UMENE NKHUKU ZINAULUKA

Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, alimi a ku Orkney anapeza cuma m'mazira. Pafupifupi banja liri lonse la kumidzi linali kuweta nkhuku, ndipo mazira anali kutumizidwa pa zombo kukagulitsidwa m'mizinda ya kumwera. Kawirikawiri nchito imeneyi inali m'manja mwa amai, ndipo ndalama zake ndizo zinali kugula shuga, sopo ndi zobvala za ana. Makola a nkhukuwo anali a matabwa, opepuka, oimikidwa poyera m'minda.

Usiku wolowera pa 15 January 1952, anthu ali m'tulo, kunabuka cimphepo cimene okalamba a kumeneko akali kucisimba. Makola ananyamulidwa ndi nkhuku zomwe, ena naphwanyikira pa makoma a miyala, ena naponyedwa m'nyanja. Milu ya udzu wouma wosungira ng'ombe inabalalika, ndi madenga a nyumba zambiri anasasuka. Kutaca, alimi anapeza kuti makola zikwi zingapo palibe, ndi nkhuku zikwi makumi ambiri zafa. Akulu sananame ponena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Patangopita caka cimodzi, pa 31 January 1953, namondwe wina anafika. Pa phiri la m'mbali mwa nyanja lochedwa Costa Head anayesa liwiro la mphepo napeza kuti linafika makilomita 200 pa ola. Mafunde anagumula mseu wa m'mphepete mwa nyanja m'tauni ya Kirkwall. Tsiku lomwelo, kutali ca kumwera, combo cochedwa Princess Victoria cinamira pakati pa Scotland ndi Ireland, ndipo anthu oposa 130 anatsikira kuli cete.

Koma mphepo ya ku Orkney siimangolanda ai, nthawi zina imabweza. M'caka ca 1850 namondwe anakokolola mcenga pa gombe lina, nabvundukula nyumba za miyala zimene palibe anali kuzidziwa. Mudzi umenewo, wochedwa Skara Brae, unamangidwa zaka ngati 5,000 zapitazo, ndipo makama ndi mashelefu ake, onse a miyala, akali comwe anawasiyira eni ake.

MPHEPO M'BOTOLO

Tsono mphepo ilowa bwanji m'mowa? Kuti izi zimveke, nkofunika kudziwa mapangidwe a wisiki, amene sali acilendo kwenikweni kwa munthu amene anaonapo cimera ndi kacasu.

Wisiki amene eni ake amamulemekeza koposa amachedwa single malt. Malt ndico cimera. Single ndiye kuti mowawo wacokera m'fakitale imodzi yokha, wosasakaniza ndi wa kwina. Cimeraco ncopangidwa ndi mbeu ya barele. Amainyika m'madzi masiku awiri kapena atatu, naiyala pansi kuti imere, kenaka naiumitsa. Akaipera amathiramo madzi otentha, nasefa madzi otsekemerawo, naikamo cotupitsa kuti asase. Pambuyo pake amaucheza kawiri m'miphika ikuluikulu ya mkuwa. Mowa wotuluka coyamba, umene aphiki a kacasu amati mutu, saulola kulowa m'migolo, ngakhalenso wotsirizira. Amatenga wa pakati wokha.

Cinsinsi ca fungo ciri pa kuumitsa cimera. Popeza nkhuni ku Orkney nzosowa, makolo a kumeneko anali kusonkha moto ndi dothi lakuda la m'madambo lochedwa peat. Dothi limeneli ndi zomera zakufa zimene zinaunjikana m'cinyontho kwa zaka zikwi zambiri osaolerathu. Amalidula ngati njerwa, naliyanika, ndipo likauma limayaka ndi utsi wambiri. Utsiwo umakakamira ku cimera, nupita naco mpaka m'botolo.

Apa ndipo mphepo iikapo dzanja lake. Kumalo kumene kunali nkhalango, dothi loterolo limakhala ndi mizu ndi zitsa za mitengo. Koma ku Orkney, kumene mphepo inaletsa mitengo, dothilo ladzala ndi tizitsamba tatifupi ta maluwa ofiirira tochedwa heather, timene njuci zimatikonda. Ndico cifukwa cake wisiki wa fakitale ya Highland Park, ya ku Kirkwall, ali ndi utsi wofatsa wonunkhira ngati uci. Fakitale imeneyi imawerenga zaka zake kuyambira mu 1798, imakumba dothi lake pa dambo la Hobbister, ndipo iri pakati pa mafakitale owerengeka amene akali kuyala gawo la cimera cao pansi ndi kucitembenuza pa manja.

Nthano ya kumeneko imati woyambitsa wake, Magnus Eunson, masana anali wanchito wa m'chalichi, usiku nakhala wozembetsa mowa, ndipo migolo yake anali kuibisa pansi pa gome la mlaliki. Masiku amenewo ambiri anali kucheza mowa mobisa pothawa msonkho wa Boma. Lamulo la 1823 litacepetsa msonkhowo, ambiri anatenga ziphaso nayamba kugwira nchito poyera.

ALI YENSE NDI WAKE

Okonda wisiki sagwirizana za amene aposa mnzake, ndipo mkangano wao sudzatha. Amene afuna utsi wamphamvu amaloza ku cisumbu ca Islay, kumadzulo kwa Scotland, kumene kuli Laphroaig ndi Ardbeg, a mu 1815, ndi Lagavulin wa mu 1816. Wosazolowera akanunkhiza Laphroaig amati ndi mankhwala a kucipatala, koma omukonda safuna kumva za wina. Talisker wa ku cisumbu ca Skye, woyamba mu 1830, amalasa pakhosi ngati tsabola.

Ena amakonda wisiki wa m'cigwa ca mtsinje wa Spey, kumene mapiri amachinga mphepo ya kunyanja, ndipo mowa wake wambiri ngwofewa, wonunkhira zipatso. Kumeneko nkumene kuli Glenlivet, amene George Smith anamtengera ciphaso mu 1824, ndi Glenfiddich, amene anayamba kudontha pa tsiku la Khrisimasi mu 1887. Ngakhale ku Orkney komweko kuli kusiyana: fakitale ya Scapa, ya mu 1885, iri pafupi ndi Highland Park, koma cimera cake sacifukiza ndi utsi.

Cimodzi cokha cimene onsewa alingana ndi kudikira. Lamulo limati mowa sungachedwe wisiki wa ku Scotland usanagone m'migolo ya mtengo wa oak kwa zaka zitatu. Ambiri amagona zaka 10, 12 kapena 18, ndipo nambala yolembedwa pa botolo ndi ya mowa wocepa msinkhu pa wonse umene uli m'botolomo. Caka ndi caka, magawo awiri pa 100 ali onse amauma kupyolera m'matabwa. Eni ake amati limenelo ndi gawo la angelo. Mtundu wofiirira uja ngwocokera ku mgolo, pakuti mowa umalowamo uli woyera ngati madzi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Awerengi adziwenso kuti wisiki ngwaukali ndithu: pa magawo 100 ali onse, osacepera 40 ndi ukali weniweni wa mowa. Odziwa amathira pang'ono pansi pa tambula, ena naonjezamo timadzi, nakhala nako nthawi yaitali. Wogugudiza botolo lathunthu amaononga ciwindi, ndalama ndi banja, monga momwe acitira wa kacasu.

KUKUMBUKIRA NDIKO KUMANGA

Anthu a ku Orkney sasimba za mphepo pofuna kucezetsa alendo cabe. Cikumbukiro cimeneco cioneka m'mamangidwe ao. Nyumba zakale za kumidzi nzazifupi, za makoma ocindikala a miyala. Madenga ena anali a miyala yaphanthiphanthi, ndipo amene anali a udzu anali kuwamanga ndi zingwe zopota, nakoloweka miyala yolemera kunsonga kwa zingwezo kuti denga lisatukuke. Ngakhale mpando wa kumeneko uli ndi msana wautali wolukidwa ndi mapesi, woteteza wokhalapo ku mphepo yolowera pa citseko. Makola a nkhuku a mu 1952 ndiwo anali opepuka, ndipo ndiwo anapita.

Mzinda waukulu wa Glasgow, kumwera kwa Scotland, unaphunzira zomwezo mowawa. Usiku wolowera pa 15 January 1968, zaka 16 zenizeni cicitikire za nkhuku zija, cimphepo cinakantha cigawo capakati ca dzikolo ndi kupha anthu 20, asanu ndi anai mwa iwo a mu Glasgow momwemo. Ambiri anaphedwa ali m'nyumba zao, pamene macumuni olemera a nyumba zakale zosanja anagwa ndi kuboola madenga. Nyumbazo zinali zitakhala zaka zambiri osakonzedwa. Mphepo inangotsiriza nchito imene kulekerera kunayamba.

Masiku ano a ku Orkney aisandutsa mphepo kukhala wanchito wao. Pa Costa Head pomwe paja panaimikidwa makina oyesera kupanga magetsi ndi mphepo m'zaka za m'ma 1950, ndipo lero zisumbuzo zimapanga magetsi ambiri kuposa amene eni ake amagwiritsa nchito pa caka.

Mphepo iribe malire a dziko. Kumidzi ya m'Zambia nayonso imadza ndi mvula yoyamba, nisasula malata a masukulu, machalichi ndi nkhokwe. Mlimi wa ku Orkney amayendera denga lake nyengo ya mphepo isanafike, namanga ciri conse copepuka cimene ciri pabwalo. Mwini nyumba amene adzakwera pa tsindwi mu September kukaona misomali, mitanda ndi luzi, sadzakhala ndi nkhani yaitali yosimba za mphepo ya mu November.