Wogulitsa motoka yakufa abweze ndalama

Alamu athu, mphunzitsi pa sukulu ina ya pulaimale m'boma la Katete, anatenga nkhongole ya zaka zisanu ku banki, nakwera basi kubwera ku Lusaka kudzagula motoka. Anaipeza pa yadi ina yogulitsira mamotoka, Toyota Allion yoyera, yotsukidwa bwino, matayala ace opakidwa polishi. Anauzidwa kuti yangofika kumene kucokera ku Japan ndipo ilibe bvuto lililonse. Anaizungulitsa kawiri m'miseu ya pafupi, nalipira, nalandira makiyi. M'mawa mwace anauyamba ulendo wa kwao pa mseu wa Great East. Atapitirira Rufunsa, pa zitunda za Manenekela, injini inayamba kulira koma motoka osapita kutsogolo. Giyabokosi inali itafa. Ngakhale mlatho wa Luangwa sanauone. Anagona m'motokamo pathengo, ndipo kutaca analipira munthu wina kuti aikoke kubwerera nayo ku Lusaka.

Atafika pa yadi paja, mnyamata amene dzana lace anali kuwaitana kuti bosi anaturutsa kope ya lisiti, naloza pansi pamene panali mau a Cingerezi akuti "sold as is, no refund". Anati: "Atate, munaiona, munaiyendetsa, munasaina. Ife tilibe nayo kanthu."

Mau amenewa awamva anthu ambiri m'dziko muno, ndipo oculuka amangogwira kumutu n'kubwerera kunyumba poganiza kuti nkhani yathera pamenepo. Ife tikana. Mau a pa lisiti aja alibe mphamvu imene ogulitsa afuna kuti tiziwapatsa. Munthu amene malonda ace ndi kugulitsa mamotoka akagulitsa motoka imene ili ndi matenda aakulu obisika, ayenera kuilandira n'kubweza ndalama, kapena kuikonza ndi ndalama zace ngati wogula wabvomera.

Awa si maganizo athu cabe. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la Competition and Consumer Protection Act, lomwe linalowa m'malo mwa lakale la 1994, ndipo bungwe loliyang'anira ndi CCPC. Ndime 49 ya lamuloli iletsa kugulitsa kwa munthu katundu woonongeka kapena wosatha kugwira nchito imene katundu wotero agulidwira. Motoka igulidwira kuyenda. Imene yalephera kukwera citunda tsiku loyamba siigwira nchito imeneyo. Ndime 47 iletsa kunama za ubwino wa katundu, mbiri yace, ndi m'mene anasewenzera kale. Ndime 48 iletsa mwini malo a malonda kupacika cikwangwani cokana udindo wace kapena colanda wogula ufulu umene malamulo amupatsa, ndipo ndime 53 inena kuti mfundo ya m'pangano imene ipendekera kwambiri kupweteka wogula siimanga munthu. CCPC ili ndi mphamvu yolamula kuti ndalama zibwezedwe, ndiponso yolipiritsa kampani faindi yofika pa 10 peresenti ya ndalama za malonda ace onse a pacaka. M'ndime zimenezi sitipezamo mau onena kuti wogula katundu wosewenzetsedwa kale adzionere yekha.

Pali lamulo linanso lakale kwambiri, Sale of Goods Act ya ku England ya 1893, imene makhoti athu akali kusewenzetsa. Iyo inena kuti katundu wogulidwa kwa munthu amene acita malonda a katundu wa mtunduwo ayenera kukhala woyenera kugulitsidwa. Koma ili ndi minga yace. Ngati wogula anayang'ana katunduyo, sangadandaule za zilema zimene maso ace anayenera kuziona. Ngati wakhala naye nthawi yaitali osanena kanthu, lamulo limuyesa kuti wamulandira. Komanso ilola wogulitsa kudzichinjiriza ndi pangano lolembedwa, ndipo apa m'pamene ogulitsa anazolowera kubisala zaka zonse lamulo la 2010 lisanabwere.

Tisakhale anthu omva mbali imodzi. Ogulitsa nao ali ndi dandaulo loona. Motoka ya zaka khumi ndi ziwiri si yatsopano. Iwo eni amaigula pa intaneti asanaigwire, nilowa m'sitima ya pamadzi, nitsikira ku Dar es Salaam, Durban kapena Walvis Bay, niyendetsedwa kapena kunyamulidwa mtunda wautali kufika ku Nakonde, Chirundu kapena Sesheke, kenaka msonkho wa ZRA. Tidziwanso kuti alipo ogula amene amaiyendetsa motoka miyezi itatu yopanda oilo, naithamangitsa m'maenje a m'komboni, kenaka n'kubwera akukalipa kuti anagulitsidwa yakufa. Wogula motoka yakale wabvomera ukalamba wace. Matayala akatha, batire ikafooka, mabuleki akafuna kusintha, mashoko akayamba kugogoda, zimenezo n'zace, ndipo n'cifukwa cace analipira mtengo wotsika.

Koma ukalamba ndi matenda obisidwa dala n'zinthu ziwiri zosiyana. Makanika aliyense woona mtima angakuuzeni njira zimene motoka yodwala imabvekedwera suti. Athiramo oilo yolimba kuti injini ileke kugogoda ndi kufuka utsi kwa masiku ocepa. Acotsa thermostat ndi kuthira mankhwala otseka mabowo m'radiyeta kuti kutentha kusaoneke msanga. Ailiza injini m'mamawa wogula asanafike, cifukwa injini yodwala imadziulula ikalizidwa yozizira. Afafaniza ndi kompyuta zizindikiro za bvuto, kapena acotseratu kagetsi kocenjeza ka pa dashibodi. Abweza m'mbuyo makilomita kuti motoka imene yayenda mtunda wautali ioneke ngati inali ya agogo opita nayo ku chalichi cabe. Akulu anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere, koma mkuyu suikamo nyerere wokha pofuna kupusitsa munthu. Wocita zimenezi adziwa cimene akubisa, ndipo kuzungulira kawiri m'miseu yosalala ya Lusaka sikungaulule giyabokosi imene imaterereka ikatentha pa citunda. Kunena kuti "munaiyendetsa" pa nkhani yotere ndi cipongwe.

Comvetsa cisoni n'cakuti ufulu umenewu ambiri timautaya ndi manja athu, ndipo timautaya pa tsiku logula lomwelo. Taona anthu akupereka ndalama zokwana kumanga nyumba ya zipinda ziwiri, nalandira kapepala kolembedwa pa manja kopanda dzina la kampani, kopanda cidindo, kopanda nambala ya chassis. Taona ena akutumiza ndalama pa foni ku nambala ya mnyamata wa pa geti. Msampha waukulu koposa ndi uwu: motoka mwaipeza pa yadi, mwakambirana mtengo mu ofesi ya pa yadi, koma kalata yogulitsira yalembedwa m'dzina la munthu wina amene simunamuonepo, amene dzina lace lili pa white book. Bvuto likabuka, mwini yadi akuuzani kuti iye anali mkhalapakati cabe, anangobwereketsa malo oimikapo. Mwini motoka nayenso foni yace siipezeka. Kugulana kwa anthu awiri wamba kulibe citetezo cofanana ndi kugula kwa wamalonda, ndipo ogulitsa adziwa bwino zimenezi. N'cifukwa cace tinena kuti ndalama zipite ku akaunti ya kampani, lisiti ikhale ndi dzina la kampani, ndipo pa pepalapo palembedwe caka ca motoka, makilomita, nambala ya injini ndi ya chassis, ndi lonjezo lililonse limene latuluka pakamwa pa wogulitsa. Akakana kulemba mau akuti injini ndi giyabokosi zili bwino, wakuuzani kale zimene muyenera kudziwa.

Tionjezepo kanthu kakang'ono kamene ambiri saganizira. Mukatembenuza kiyi injini isanalire, tumagetsi tonse tocenjeza tiyenera kuyaka, kenaka n'kuzima injini ikalira. Kamene sikayaka nkomwe ndiko koyenera kufunsa. Pitani ndi makanika wanu, osati amene wogulitsa wakuitanirani pa ngodya, ndipo pemphani pepala la ku Japan loturutsira motoka m'dzikomo, limene limaonetsa makilomita amene analembedwa pamene motoka inali kuyesedwa kumeneko. Pepala la fitness la RTSA lisakunyengeni. Ilo linena za mabuleki, magetsi, matayala ndi zina zoteteza moyo pa mseu, silinena kuti giyabokosi idzafika ku Chipata.

Cinthu caciwiri cimene cimapha milandu yotere ndi cangu ca kukonza. Motoka ikafa, mtima wa munthu umathamangira kwa makanika wa pansi pa mtengo kuti aitsegule. Akangomasula mabauti, wogulitsa wapeza pothawira: adzati inali bwino, waiononga ndi makanika wanu. Alamu athu anapulumuka pa msampha uwu cifukwa cosowa ndalama, osati cifukwa ca nzeru, ndipo iwo eni abvomera. Coyenera ndi kuleka kuiyendetsa, kujambula zithunzi za dashibodi ndi makilomita, kupeza lipoti lolembedwa kucokera ku garaja yodziwika lonena bvuto ndi zaka zace, ndi kulembera wogulitsa kalata tsiku lomwelo yonena poyera kuti motoka mwaikana ndipo mufuna ndalama zanu. Sungani kope imene wasainapo kuti walandira. Mauthenga a pa foni musafafanize. Musabvomere nyimbo ya "bwerani Lolemba, abwana kulibe", cifukwa Lolemba lililonse limene lapita lilimbikitsa wogulitsa kudzanena kuti munakhala nayo motoka mokhutira.

Akakana, dandaulo lipite ku CCPC, ndipo kudandaula kumeneko sikulipiridwa. Wosakhutira ndi cigamulo ca bungweli angacite apilo ku Competition and Consumer Protection Tribunal. Njira ya makhoti nayo ili yotseguka. Small Claims Court, kumene munthu amadziimira yekha popanda loya, ithandiza pa ndalama zocepa monga zokokera motoka kapena zogulira sipeya, koma ili ndi malire a ndalama zimene ingagamule, motero mlandu wa mtengo wonse wa motoka nthawi zambiri umafuna khoti yokulirapo. Ambiri amayamba ndi kuthamangira ku polisi. Apolisi ali ndi mbali yao ngati motoka ndi yobedwa, mapepala ndi abodza, kapena munthu walandira ndalama mwacinyengo n'kuthawa, koma mkangano wa giyabokosi adzakuuzani kuti ndi wa ku khoti, ndipo mudzakhala mutataya sabata.

Komabe sitingasenzetse wogula katundu yense. Mphunzitsi wa ku Katete, namwino wa ku Lundazi, kapena bambo amene anatapa 20 peresenti ya ndalama zace za NAPSA pamene lamulo linalola mu 2023 kuti agule ka Vitz kocitira takisi, sangakhale loya ndi makanika nthawi imodzi. Amagula motoka kamodzi kapena kawiri pa moyo wace wonse, pamene wogulitsa amacita zimenezi tsiku ndi tsiku. Nkhongole ya ku banki siima cifukwa motoka yaima. Mwezi uliwonse malipiro amadulidwa, ana afuna za ku sukulu, ndipo citsulo cili pa mawe kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pansi pace.

Cifukwa cace tipempha boma zinthu zimene sizifuna ndalama zambiri. Aliyense amene aimika mamotoka pa yadi n'kulandira ndalama za anthu aziyankha yekha pa motoka iliyonse yoturuka pa geti pace, kaya white book ili m'dzina la yani. Pakhale lamulo lomveka lakuti wamalonda apereke citsimikizo colembedwa ca injini ndi giyabokosi, ngakhale ca masiku 30 cabe, kuti pasakhale kukangana za cimene "motoka yabwino" itanthauza. RTSA izilemba makilomita nthawi iliyonse motoka ikayesedwa kapena ikasintha mwini, ndipo wofuna kugula azitha kufunsa. CCPC nayo iziyendera mayadi monga iyendera masitolo a zakudya, ndipo iziulutsa maina a makampani amene yawapeza olakwa, pa wailesi ndi m'zinenero zimene anthu akamba. Ogulitsa oona mtima, amene alipo ndithu, sadzataya kanthu. Iwo ndi amene abvutika lero, cifukwa motoka yao yabwino ioneka yodula ikaima pafupi ndi ya mnzao yothiridwa oilo yolimba.

Alamu athu analemba kalata yao, napeza lipoti la ku garaja lonena kuti mafuta a m'giyabokosi anali akuda, onunkha kupsa, odzala tizidutswa ta citsulo, zinthu zimene sizingacitike pa ulendo wa tsiku limodzi. Dandaulo analipereka. Mwini yadi, amene kwa masabata awiri sanali kupezeka, tsopano waimba foni yekha kunena kuti angaikemo giyabokosi ina yakale ngati alamu alipira theka la mtengo wace. Iwo akana, ndipo abwerera ku Katete pa basi kukayamba temu, makiyi a Allion ali m'thumba.