Germany, mapanga awiri avumbwitsa!

Aphunzitsi anzanga, komanso inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndalemba ndili wokwiya ndipo sindibisa. Nkhani yake ndi ya boma la Germany ndi atsikana a ku Afghanistan.

A Taliban atalanda boma mu August 2021, anatsegulira anyamata sukulu za sekondale, atsikana n'kuwauza kuti adikire. Pa 23 March 2022 atsikanawo anafika pasukulu atanyamula mabuku, koma tsiku lomwelo anabwezedwa akulira. Mu December 2022 anawatsekera yunivesite. Mu August 2024 panabwera lamulo loti mawu a mzimayi asamveke pagulu, ndipo mu December chaka chomwecho analetsa azimayi ngakhale maphunziro a unamwino ndi uzamba. Bungwe la UNESCO linanena mu 2025 kuti atsikana pafupifupi 2.2 miliyoni atsekeredwa kunja. Mtsikana akamaliza kalasi 6, basi, sukulu yathera pomwepo. Tangoganizani Fomu 1 yanu yopanda mtsikana ngakhale mmodzi!

Nanga Germany inatani? Poyamba inalankhula ngati mkango. Mu September 2024 ku New York, nduna yake yoona za kunja panthawiyo, mayi Annalena Baerbock, pamodzi ndi anzawo a ku Australia, Canada ndi Netherlands, analengeza kuti ayamba njira yotengera Afghanistan ku khoti la mayiko ku The Hague chifukwa chophwanya pangano la CEDAW loteteza azimayi, limene dzikolo linavomereza mu 2003. Njirayi ndi yaitali: poyamba kukambirana, kenako kufuna amkhalapakati, khoti n'kubwera pamapeto. Komabe tinaomba m'manja.

Tsono onani zimene zinachitika mu 2025. Pa 8 July khoti lina, la ICC, linatulutsa zikalata zoti mtsogoleri wa Taliban, Hibatullah Akhundzada, ndi mkulu wa makhoti awo, Abdul Hakim Haqqani, amangidwe chifukwa chozunza azimayi. Patangotha masiku 10, boma la a Friedrich Merz linakweza anthu 81 a ku Afghanistan m'ndege kuwabweza ku Kabul, ndipo linalola nthumwi ziwiri za Taliban kudzagwira ntchito m'maofesi a ukazembe wa Afghanistan ku Germany. Ogwira ntchito ku ofesi ya ku Bonn anatula pansi udindo posonyeza kukana.

Ena mundiuza kuti obwezedwawo anali opalamula milandu, ndipo dziko lili ndi ufulu wochotsa zigawenga. Zoona. Mundiuzanso kuti Germany sinavomereze boma la Taliban monga inachitira Russia mwezi womwewo. Zoonanso. Koma munthu amene wam'patsa mpando, chidindo ndi makiyi a ofesi, ukunena kuti sukumudziwa? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. A Taliban azindikira kuti ali ndi chinthu chimene Berlin ikufuna, choncho nkhani ya sukulu angoiika pansi pa mphasa.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi ichi. Mu 2022 Germany inalonjeza kulandira anthu amene moyo wawo unali pachiswe, kuphatikizapo azimayi omenyera ufulu, atolankhani ndi oweruza. Boma la a Merz litalowa mu May 2025 linaimitsa ndondomekoyo, anthu pafupifupi 2,000 olonjezedwa kale ali ku Pakistan. Mu August chaka chomwecho apolisi a ku Pakistan anabweza oposa 200 mwa iwo m'manja mwa a Taliban omwe anawathawa. Ndege yochotsa anthu inapezeka msanga. Ya olonjezedwa inadikira kuti ena akasume kaye kukhoti.

Ngati Germany ikufuna kulankhula ndi a Taliban, ilankhule, koma sukulu za atsikana zikhale zoyamba pa tebulo, ndipo lonjezo la chitupa cholowera m'dziko lisungidwe. Apo ayi, asiye kutinamiza ndi mawu okoma a ku New York.

Inu amene mumaphunzitsa History ndi Social Studies, musamangoloweza ana mayina a mapangano. Aphunzitseni kufunsa kuti: boma litatha kulankhula, ndani anakwera ndege, ndipo ndani anatsala? Ku Kabul, mtsikana amene anali mu kalasi 7 mu 2021 akanakhala akumaliza sekondale. Zaka zimenezo palibe kazembe amene adzamubwezere.

Ndatha ine mphunzitsi wanu.