Tisafunse womenyedwa kuti analakwanji

Nyengo yogulitsa cimanga ikafika, m'nyumba zina kuno ku Silverest ndi m'midzi ya m'boma la Chongwe mumabuka ndeu. Mai amene analima ndi kupalira pamodzi ndi mwamuna wake akafunsa kumene ndalama zapita, amayankhidwa ndi zibakera. Comvetsa cisoni n'cakuti m'mawa mwake, mai uja akafika pa citsime kapena ku chalichi diso lili lotupa, funso lathu loyamba limakhala lakuti, "Kodi munawalakwira ciani abambo?"

Ife tikuti funso limeneli ndi kumenya kwaciwiri. Limacotsa mlandu pa womenya n'kuusenzetsa womenyedwa. Akabwerera kwao, makolo amamubweza poopa kubweza malowolo. Alangizi ena amamuuza kuti banja ndi kupirira, ndipo za m'nyumba saulula. Akapita ku polisi, azilamu ake amamunena kuti wamangitsa atate a ana ake.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti azimai 36 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anacitidwapo nkhanza za kumenyedwa. Anapezanso kuti azimai 46 pa 100 aliwonse amavomereza kuti pali zifukwa zimene mwamuna angamenyere mkazi wake. Maganizo amenewa sanabadwe nawo, anawaphunzira kwa ife.

Lamulo la dziko lathu silinena zimenezo. Lamulo loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi la mu 2011 limalola wocitiridwa nkhanza kupempha khoti kuti limuteteze kwa womuzunza. Apolisi ali ndi nthambi ya Victim Support Unit, ndipo mu 2016 makhoti oweruza msanga milandu yotere anatsegulidwa ku Kabwe ndi ku Lusaka. Palinso nambala ya lamya yaulere, 933. Koma zonsezi n'zopanda phindu ngati mai aopa kuti akalankhula, anzake a m'kwaya ndi a m'kalabu ya alimi adzamusala.

Motero tipempha akulu a mipingo, alangizi ndi anyakwawa kuti mai womenyedwa akabwera kwa inu, muyambe mwamufunsa ngati wavulala ndiponso ngati ali ndi pogona. Muperekezeni ku cipatala ndi ku polisi. Zoyanjanitsa banja zisayambe moyo wake uli pangozi, ndipo wofunika kufunsidwa mafunso ndi amene anakweza dzanja.

Akuluakulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Mai amene timuseka lero, mawa angakhale mwana wathu.