Chingwe cha koloboyi chingathirire ndiwo zathu m'tauni

Alimi anzanga, aliyense akudziwa mmene koloboyi amagwirira ntchito. Palafini amakhala pansi, koma amakwera yekha m'chingwe mpaka kukafika pa moto. Madzi nawonso amakwera chimodzimodzi, ndipo nzeru imeneyi ingathandize mabanja a ku Ndirande, Bangwe, Kawale ndi Chinsapo kudya ndiwo zamasamba chaka chonse.

Madzi a m'tauni ndi ogula. Ambiri amene timamwa mu Blantyre amapopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, pokwera phiri. Tikawakhuthula ndi kheni masana, ena amauma ndi dzuwa, ena amalowa pansi pomwe mizu ya mpiru siifika. Chilala cha 1992 ndi cha 2024 chidatiphunzitsa kuti madzi si osewera nawo.

Njira yake njosavuta. Boolani pansi pa chidebe chakale, lowetsani chingwe mpaka pakati pa dothi losakaniza ndi manyowa, mbali inayo ilende m'chigubu cha madzi chomwe chili pansi pake. Dothi likamauma limakoka madzi lokha. Chigubu chikhale pafupi, poti madzi sakwera bwino kupitirira masentimita 30.

Nkhani yagona pa chingwecho. Nsalu ya thonje imamwa madzi msanga, koma imaola m'dothi pakangopita miyezi yochepa. Nsanza za juzi kapena bulangete la poliyesita, zomwe zadzaza pa kaunjika, zimakhalitsa. Zingwe zolimba zapulasitiki zoyanikapo zovala zambiri sizimwa madzi konse. Musakhulupirire za wogulitsa: chapani chingwecho, viikani nsonga imodzi m'kapu, muone ngati chinyezi chikukwera.

Ena akuti zimenezi nzachibwana, sizingadyetse banja. Nzoona, chimanga simungalime motere, ndipo tomato wamkulu amafuna zingwe ziwiri kapena zitatu. Koma repu, mpiru, tchainizi ndi bonongwe zimachita bwino, ndipo ndalama ya ndiwo ya tsiku ndi tsiku ndi imene imatha m'thumba mosaoneka.

Chenjezo lilipo. Vindikirani chigubu kuti udzudzu usaswane, tingakolole malungo m'malo mwa ndiwo. Musagwiritse ntchito chigubu chomwe munali mankhwala ophera tizilombo. Madzi a sopo asalowemo, ndipo nthawi zina muzithirira pamwamba kuti mchere wounjikana m'dothi utsukike.

Pempho langa likupita kwa alangizi a zaulimi. Mlimi sali kumudzi kokha. Mayi wa lendi amene ali ndi kakhonde chabe nayenso ndi mlimi, ndipo akufunika malangizo. Sitikusowa zipangizo zochokera kunja kapena ngongole. Chidebe chobooka ndi nsanza zilipo kale pakhomo. Yambani ndi chidebe chimodzi sabata ino, chinacho muthirire ndi kheni monga kale, muwerenge nokha madzi amene chilichonse chamwa pakutha pa mwezi.