Sewero silimveka ana ali chikhalire

Mwana wa sitandade 6 safunika kuuzidwa kuti sewero n'chiyani. Wakula akuchita masanje: uyu bambo, uyu mayi, wina fisi wodzaba nsima. Mayendedwe a ahedi amawatsanzira bwinobwino, eniake akangopotoloka. Chimene sanachionepo ndi sewero lili papepala, ndipo apa ndi pamene phunziro limatayika.

Kawirikawiri aphunzitsi amayamba ndi kulemba pabolodi: ampangankhani, malo, nthawi, phunziro lake. Ana n'kukopera, n'kuloweza. Mayeso akhoza ndithu, koma sewerolo sanalilawe.

M'nthano, agogo amachita kukuuza kuti Kalulu ndi wochenjera. M'sewero mulibe wokuuza. Muli dzina la munthu, mawu amene akuyankhula, ndi timalangizo tochepa tonena kuti walowa, wagwada kapena watuluka. Zoti uyu akunama, uyo akubisa mantha, mwana ayenera kuzitola yekha m'zoyankhulazo. Luso lowerenga sewero lagona pomwepa, ndipo salipeza ali chikhalire. Aimirire atatu, aliyense anene kuti "Mwabwera?" Woyamba akhale mkazi amene mwamuna wake wachokera ku Joni, wachiwiri wangongole amene wapezedwa pakhomo, wachitatu mayi amene mwana wake wafika usiku. Kenaka muwafunse chimene chasintha pomwe mawu ndi omwewo. Mkangano umene ubuke m'kalasimo ndiye phunziro lenilenilo. Za pabolodi zibwere pambuyo.

Katswiri wa zisudzo Du Chisiza Jr. adapambana mpikisano wa zisudzo wa m'sukulu mu 1982 ali mwana wasukulu ku HHI mu Blantyre, asanayambitse gulu la Wakhumbata mu 1987. Adayambira pa nsanja. Komabe mpikisanowo, wa ATEM, ndi wa Chingerezi, ndipo ine ndimaona kuti izi zidasiya kamaganizo kolakwika: kuti sewero lolemekezeka ndi Macbeth, la Chichewa ndi longoseketsa anthu, la Izeki ndi Jakobo. Awiriwa anali akatswiri, sindikuwanyoza. Koma Steve Chimombo, amene adalemba The Rainmaker, adalembanso sewero la Wachiona Ndani? m'Chichewa, ndipo ana ayenera kuligwira m'manja.

Ena ati mabuku kulibe, ana ndi ochuluka. N'zoona. Buku limodzi likwana: tsamba limodzi likoperedwe pabolodi, ana agawidwe m'magulu, atuluke panja. Gulu lililonse libwere ndi kachitidwe kake, ndipo lifotokozere anzawo chifukwa chake mpangankhani wawo wakalipa pamene wa gulu lina waseka.