Kufomata si kukonza kompyuta

Pa Migowi, pa Chiringa ngakhalenso paboma pa Phalombe, makompyuta ambiri a m'malo otayipira makalata ndi obenera nyimbo ndi akale, ena ogulidwa atagwira kale ntchito kunja. Makinawa akangokana kutsegula Windows, okonza ena amathamangira mankhwala amodzi: kufomata.

Mchitidwewu ngolakwika. Kufomata kumasesa zonse, kaya ndi zithunzi za ukwati, kaundula wa ngongole za pagolosale kapena malikisi a ana a sukulu. M'boma lomwe namondwe wa Freddy adakokolola nyumba ndi katundu mu 2023, kalata kapena chithunzi chomwe chidatsala pakompyuta si choseweretsa.

Kawirikawiri magetsi akathima mwadzidzidzi, chomwe chimaonongeka ndi timafayilo toyambitsira Windows, pomwe katundu wa mwini ali bwinobwino mu hard disk. Apa mpomwe chimbale chokonzera chimagwira ntchito. Chimbalechi chimayatsa kompyuta pachokha osadalira Windows, ndipo wokonza amatha kukopera mafayilo onse pafulashi asadakhudze china chilichonse. Knoppix, yomwe Klaus Knopper wa ku Germany adatulutsa m'chaka cha 2000, ndi chitsanzo chimodzi ndipo njaulere.

Okonza ena amati zimbalezi zimavuta, zimakana kuyamba. Nzoona, koma zifukwa zake nzodziwika.

Choyamba ndi kabenedwe. Fayilo ya ISO siyenera kungoponyedwa pachimbale ngati nyimbo. Imafuna kubenedwa ndi lamulo la "burn image", paliwiro lotsika. Ikaposa 700 MB, CD siikwana, pamafunika DVD, ndipo makina ena akale sawerenga DVD.

Chachiwiri ndi BIOS. Kompyuta imayenera kuuzidwa kuti iyambire pachimbale, podina F2, F12 kapena Del ikangoyaka, malinga ndi mtundu wake. Ikamaiwalaiwala lamuloli, komanso tsiku ndi nthawi zikamabwerera mmbuyo, ndiye kuti kabatire kozungulira ka CR2032 katha mphamvu. Kusintha kokhako nkokwanira.

Chachitatu ndi msinkhu wa makina. Chimbale cha 64-bit, monga Hiren's BootCD PE, sichingayambe pakompyuta ya 32-bit ngakhale chibenedwe mwaluso chotani. Nkhalamba imafuna chimbale cha msinkhu wake.

Chachinayi ndi fumbi. Likaphimba kagalasi kowerengera chimbale, makina amangolira osaona kanthu. Chimbalecho chiyesedwe pakompyuta ina musadaweruzidwe mlandu, pakuti mwina vuto ndi kagalasiko kapena mikwingwirima yapachimbale.

Zonsezi zimadya nthawi, ndipo wokonza yemwe ali ndi makasitomala pamzere angaone ngati nkutaya ndalama. Komatu kuona maso a nkhono nkudekha. Windows imalowetsedwanso tsiku lomwelo, pomwe zithunzi za malemu zikapita nzovuta kuzibweza.

Kampani ya Microsoft idasiya kuthandiza Windows XP mu 2014 ndi Windows 7 mu 2020. Choncho moyo wa makina akalewa uli m'manja mwa amisiri a m'misika momwemu, chifukwa si banja lililonse lingagule atsopano kapena kulipira ulendo wa ku Limbe.

Mwini kompyuta asachite manyazi kufunsa kuti: "Kodi achimwene, mafayilo anga mwawasunga kaye?" Wokonza akakanika kuyankha, ndi bwino kuinyamula kupita nayo kwina.